Ruo, mtsinje umene unasanduka malire

Pa mapu, mtsinje wa Ruo umaoneka ngati kamzere chabe kum'mwera kwa Malawi, koma anthu a ku Makhanga ndi ku Chiromo ndiwo amadziwa ukali wake. Umayambira pamwamba pa phiri la Mulanje, pomwe mvula imagwa yochuluka zedi, nutsikira m'minda ya tiyi. Ukakumana ndi Muloza umasanduka malire a Malawi ndi Mozambique, kenaka umalandira madzi a Thuchila, nugwa pa mathithi a Zoa, mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo.

Pamathiriro pomwepo ndi pamene Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya ku Magomero anamwalirira ndi malungo pa 31 Januwale 1862, bwato lake litagubuduzika ndipo mankhwala atapita ndi madzi. Patapita zaka 27, m'chaka cha 1889, asilikali achipwitikizi motsogozedwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo m'dera lomwelo pofuna kulowera kumapiri a ku Blantyre. Angerezi anaopseza Apwitikizi mu Januwale 1890, ndipo pangano la mu 1891 linakhazikitsa Ruo kukhala malire. Amene ankalima ndi kuwedza m'mbali mwake sanafunsidwe. Banja limodzi linangopezeka kuti ena ali pansi pa Angerezi, ena pansi pa Apwitikizi. Chibale sichinathe ayi: pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu ambirimbiri anaoloka Ruo nalandiridwa ndi abale awo tsidya lino.

Koma chimene mlimi ndi mlangizi ayenera kuchimvetsa bwino ndi khalidwe la madzi ake. Ruo ndi waufupi ndipo ndi wotsetsereka, choncho mvula ikagwa yamphamvu ku Mulanje, madzi sachedwa kufika kuchigwa. Akafika pa Chiromo amakumana ndi Shire, amene amayenda mwaulesi pochokera m'dambo la Elephant Marsh. Ruo akadzaza amatsekereza Shire, madzi nabwerera m'mbuyo kulowa m'dambo ndi m'midzi yozungulira. N'chifukwa chake munthu wa ku Makhanga angathe kugona kunja kuli nyenyezi, nadzuka madzi ali m'nyumba. Mchenga umene mtsinjewu umakokolola kumtunda umakwirira khwawa lake kumunsi, ndipo khwawa likadzaza mchenga, madzi amadzifunira njira ina. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake, namiza minda ndi midzi ya m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo. Namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anabweretsanso misozi m'chigwa chomwechi. Ngakhale njanji imene inatsegulidwa mu 1908, yodutsa pa Chiromo ndi kukwera m'mbali mwa Ruo kupita ku Blantyre, inaduka mu 1997 chifukwa cha madzi osefukira.

Mchengawo suchokera kumwamba. Umachokera m'minda ya m'mapiri a Thyolo, Mulanje ndi Milange, kumene mitengo yatha ndipo khasu lafika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Nkosavuta kudzudzula mlimi wotere, koma amene malo ake ndi ochepa chifukwa minda ya tiyi inatenga nthaka yabwino kalekale sangasiye dimba lake pongomva mawu a pamsonkhano. Amamva msanga akauzidwa za nsungwi, vetiva ndi nthochi, zimene zimagwira nthaka komanso kumubweretsera kanthu m'thumba.

Chovuta china ndi chakuti gombe lililonse lili ndi boma lake. Mudzi wa tsidya lino ungathe kubzala mitengo, pamene tsidya linalo anthu akuotcha makala, kapena zosiyana ndi zimenezi. Komabe anthu a magombe awiriwa amakumana kale pamsika, pamaliro ndi pamadoko a mabwato. Makomiti oteteza anthu ku ngozi zogwa mwadzidzidzi a ku Muloza ndi ku Sandama atakhala ndi nambala za foni za anzawo a ku Makhanga ndi a tsidya la Mozambique, uthenga wakuti Ruo wadzaza ungamafike kuchigwa madzi asanafike.