Ati "Ndangolawako Chabe"

Lero ndilankhula ndi imwe amene mumayenda maulendo a oda, a ku Nakonde, ku Johannesburg, ku Dubai mpaka ku Guangzhou. Ena mukwiya. Kwiyani, koma muwerenge mpaka pansi.

Sabata yatha ndinaona chithunzi pa status ya m'bale wina wa mumpingo mwathu. Wanyamula kagalasi ka zinthu zobiriwira ngati sopo wotsukira mbale, pansi walemba ati akulawako absinthe, moyo ndi kamodzi. Akhristu anzathu ali mbwee kumuyamikira: "Big man!" "Mutibweretsereko!" Chimene chinandiwawa n'chakuti m'bale yemweyu ndi amene anaimirira pa msonkhano kunena kuti kamnyamata kena kachotsedwe mu kwaya chifukwa kanabwera kakununkha kachasu.

Manje ndifunse: kachasu ndi absinthe zisiyana pati? Botolo chabe, ndi mtengo.

Absinthe ndi mowa wotcheza, monga momwe amatchezera kachasu kumudzi. Unayambira ku Switzerland, n'kutchuka kwambiri ku France. Amaikamo masamba a chitsamba chowawa chotchedwa wormwood ndi zonunkhiritsa zina, ndipo mphamvu yake imayambira pa 45 mpaka kupitirira 70 peresenti. Lager imene mumaidziwa ili pa 4 kapena 5. Imwe ndinu anthu a masamu, mumawerenga phindu la belo la salaula m'mutu osagwira kakyuleta. Werengani ichi: kagalasi ka 50 ml ka absinthe wa 70 peresenti kali ndi mowa weniweni wokwana mabotolo awiri a lager. Tumagalasi titatu, mwamwa mabotolo asanu ndi limodzi m'mphindi khumi, muli chiimire, m'mimba muli bisiketi ya mundege. Ndiye ati "ndangolawako chabe".

Anthu a ku France ankautcha kamzimu kobiriwira, akuti ukamwa umaona masomphenya. Mu 1905 ku Switzerland munthu wina wogwira ntchito m'munda, Jean Lanfray, anawombera mkazi wake amene anali ndi pakati pamodzi ndi ana awo aakazi awiri. Tsikulo anali atamwa magalasi awiri a absinthe. Dziko lonse linaloza chala absinthe, ndipo pofika 1910 unaletsedwa ku Switzerland, ku France mu 1915. Koma tamverani mbali imene anthu sanaisamale: tsiku lomwelo munthuyo anali atamwanso vinyo wochuluka ndi brande. Patapita zaka, akatswiri atayeza mabotolo akale anapeza kuti mankhwala a m'chitsamba chija anali ochepa, osakwanira kupengetsa munthu. Chimene chinkawononga anthu chinali mowa wamba, wochuluka, wamphamvu. Switzerland inaulolanso mu 2005. Mulibe masomphenya m'botolomo, abale. Muli chimodzimodzi chimene chinali mu tujilijili timene boma linaletsa kuno mu 2012, titaona ana a sukulu ndi makondakitala ali dzandidzandi m'mawa dzuwa lisanakwere.

Pang'ono za m'Baibulo apa: nyenyezi ya pa Chivumbulutso 8:11, imene inagwera m'madzi n'kuwasandutsa owawa, dzina lake m'Chigiriki ndi Apsinthos. Mawu akuti absinthe anachokera pamenepo. Sindikunena kuti Yohane ankalosera za botolo la ku duty free, iyayi, tisamakakamize Malemba. Ndangoti mudziwe dzina la chimene mukujambulitsa nacho.

Wina anena kuti, "A Lay Reader, ife a Anglican si ndife amene timamwa vinyo pa guwa? Nanga ku Kana Ambuye anasandutsa madzi kukhala Fanta?" Mwafunsa bwino. Ine sindidzaimirira pa gome kunama kuti dontho lililonse la mowa ndi tchimo. Mpingo wathu suphunzitsa choncho. Koma pa guwa timagwada, timalandira chikho chimodzi tonse, wolemera ndi wosauka, ndipo palibe amene amajambula selfie. Chimene ndikulimbana nacho ndi kunyada kumene kwavala jekete la "kulawa", ndi miyeso iwiri imene tikuyezera anthu. Wa kachasu timuti chidakwa. Wa botolo lolembedwa Chifalansa timuti wayenda.

Komanso eni ake samamwa monga momwe ife tikumwera. Absinthe amauthira madzi ozizira katatu kapena kasanu kuposa mowawo. Sake wa ku Japan, amene ena mwayamba kumutchulatchula mukadya ku malesitilanti a ku Lusaka, amafulidwa ndi mpunga, samatchezedwa, ndipo ali pafupifupi pa 15 peresenti. Amamwera m'tumakapu tating'ono ngati chivindikiro cha fulasiki, pali chakudya, wina akuthirira mnzake. Ndi wofewa pakhosi, nthawi zina amamutenthetsa, ndipo msampha wake uli pomwepo: umatsika ngati tiyi pamene mphamvu yake ndi katatu ya lager. Ife tatenga botolo, mwambo wake tausiya pa eyapoti.

Imwe a ku Guangzhou mukudziwa za baijiu, mowa woyera uja umene nthawi zambiri umapitirira 50 peresenti. Supplier akuitanirani chakudya, akweza kapu, ati ganbei, kutanthauza kuti kapu iume. Mukuopa kukana kuti mungaoneke amwano. Ine ndinakhalapo pa mpando m'nyumba ya m'bale wina amene anavomera mtengo ndi kusaina mapepala usiku wotere. Kontena itafika, katundu sanali amene anasankha masana. Ndalama zimene anapita nazo sizinali zake yekha: munali chilimba cha azimayi asanu ndi atatu a pamsika, munalinso kaloba. Mkazi wake ndiye ankatuluka kukayankha anthu pa geti, iye ali chigonere kuchipinda. Supplier uja anamwa naye, inde, koma iye anali kwawo, ndipo m'thumba mwake munalibe ndalama za amayi ogulitsa tomato.

Kukana kulibe mlandu. Nenani kuti simumwa pa nkhani ya bizinesi, kwezani kapu ya tiyi. Munthu amene akufuna ndalama zanu sangakuthamangitseni chifukwa cha tiyi. Ngati wakwiya, mwadziwiratu chimene amafuna.

Ndipo imwe amene mumabweretsa mabotolo awa ngati mphatso n'kuwaika pa display m'sitingi rumu, pafupi ndi chithunzi cha ubatizo wa mwana: mwana yemweyo ali ndi zaka 16 tsopano, ndipo amadziwa pamene mumabisa kiyi.

Kamnyamata ka kwaya kaja sikanabwerenso kutchalitchi kuchokera tsiku lija. Ndikapita kukakaona Loweruka masana. M'bale wa absinthe, ndakutumirani uthenga ku inbox kuti tipitire limodzi. Mwauwerenga, ma tick ali blue. Ndidikira pa geti la tchalitchi 14 hours.