AKHUNGU NAWONSO AMVE ZOLEMBEDWA PA TIKITI

Aliyense amene anakwerapo basi pa Petauke kapena pa Nyimba adziwa phokoso la pa siteshoni. Ang'wang'wazi akuwa, mainjini alira, amai a nthoci aitanira malonda. Munthu wopenya angowerenga dzina la basi nalowa. Koma m'bale wathu wakhungu aima pomwepo kuyembekeza wacifundo, ndipo ndalama zake azipereka m'manja mwa munthu amene sam'dziwa.

Vuto lagona pa tikiti. Kapepala kameneka kanena mtengo, nambala ya mpando ndi malo otsikira, koma kanena zonsezi ndi inki cabe. Wakhungu amene walipira ulendo wa ku Lusaka sangadziwe ngati am'lembera wotsikira pa mlatho wa Luangwa. Masiku ano ambiri alipira ndi ndalama za pa foni, koma uthenga wotsimikiza malipiro ubweranso m'malemba.

Lamulo lili kumbali ya anzathuwa. M'caka ca 2010 Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lonena kuti olemala ayenera kufikira mayendedwe ndi mauthenga monga wina aliyense. Bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities ndilo liyang'anira zimenezi. Cigawo cathu ca Kum'mawa sicacilendo pa nchito yotere, pakuti akhungu anayamba kuphunzitsidwa ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905.

Maiko ena anaona kuti mankhwala a vutoli ndi khutu. Ku Japan, pakhomo loonetsera matikiti a sitima palira kabelu kobwerezabwereza kuti wakhungu atsate kulira kwake, ndipo pa makwerero otulukira pamveka kulira kwa mbalame. Kulira kulikonse kuli ndi tanthauzo limodzi losasintha. Mu mzinda wa London mabasi ali ndi mau amene achula dzina la malo otsikira asanafike.

Kuno kwathu sitifunika kuyamba ndi makina odula. Coyamba, wogulitsa matikiti awerenge mokweza zimene walemba: malo otsikira, mtengo, mpando ndi cenji. Izi sizifuna ngwee ngakhale imodzi. Caciwiri, pa malo ogulitsira matikiti paikidwe kacipangizo kolira mwa mtundu umodzi, kuti wakhungu apafike yekha. Cacitatu, kondakitala achule malo pamene basi iyandikira Kacholola, Nyimba, Minga kapena pa mphambano ya ku Petauke. Cacinai, makampani a mafoni ndi eni mabasi akonze kuti wolipira pa foni alandire uthenga wa mau, m'Cinyanja kapena m'Cinsenga.

Zobvuta zilipo ndithu. Kabelu sikangamveke pamene mawailesi a m'masitolo ndi mahutala apikisana. Motero makhonsolo a Petauke ndi Nyimba, amene lamulo la misika ndi masiteshoni la 2007 linawapatsa udindo pa malo amenewa, ayenera kucepetsa phokoso pafupi ndi malo a matikiti. Magetsi nawonso sadalirika, monga tinaonera m'cilala ca 2024 madzi atacepa ku Kariba. Zipangizo zikhale za mphamvu ya dzuwa. Cinanso ndi cinsinsi. Foni imene ilengeza pagulu kuti m'thumba mwatsala ndalama zingati iitana mbala. Mtengo wa tikiti umveke poyera, koma nambala yacinsinsi ndi ndalama zotsala zimvekere ku khutu la mwini yekha. Ndipo pokonza zonsezi, akhungu eni ake ndiwo ayambe kufunsidwa, cifukwa ndiwo adziwa kulira kumene kuthandiza ndi kumene kusokoneza.

Nkhani imeneyi si ya akhungu okha. Agogo amene maso acita ng'ala ndi mlimi amene sanapite ku sukulu nawonso sawerenga tikiti. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili kwa iwe. Inu a m'midzi, mukakhala pa msonkhano ndi khansala wanu, m'funseni kuti siteshoni yanu idzayamba liti kulankhula. Ndipo mukaona wakhungu agula tikiti, musam'lande ndalama kuti mum'gulire. Imani pambali pake, mum'werengere zimene zalembedwa.