Mwana alamule makina

Aphunzitsi anzanga, ambiri timaganiza kuti phunziro la kompyuta ndi kutaipa basi. Ine ndikukana. Mwana amayamba kuimvetsa kompyuta tsiku limene wailamula kusuntha chinthu chomwe akuchiona ndi maso.

Tengani Commodore 64, kompyuta ya m'nyumba yomwe inatuluka mu 1982. Kumbuyo kwake kuli user port, pomwe mawaya 8 amayatsidwa kapena kuzimitsidwa ndi mizere yochepa ya BASIC. Mphamvu yake njochepa, choncho pakati pa mawayawo ndi timota ta mkono wa roboti wachidole mumaikapo matransisita ndi ma relay. Mkono uja umatsika, n'kutsina choko, n'kukwera. Mwana akasemphanitsa malamulo, mkono umatsina mphepo. Palibe wom'kalipira, amaona yekha pamene waphonya. Kwa ife ophunzitsa kuwerenga ndi kulemba izitu si zachilendo: mawu akasemphana m'chiganizo, tanthauzo limathawa.

Maganizowa ngakale. Seymour Papert, wobadwira ku Pretoria mu 1928, anathandiza kupanga chiyankhulo cha Logo mu 1967, ndipo posakhalitsa ana anayamba kuyendetsa nacho kamba wa roboti pansi.

Ena amati makina akale amabwezera ana m'mbuyo. Koma kuno ku Durban, maroboti a pafakitale ya Toyota ku Prospecton nawonso amangotsata malamulo limodzilimodzi, kungoti ngaakulu. Ngati pasukulu panu pali kompyuta yakale yomwe ahedi anaitsekera m'kabati poopa kuti iwonongeka, kapempheni kiyi.