Madzi a pamjigo akuwononga makina ophikira zida m'zipatala

Tsegulani ketulo yanu muone pansi pake. Ngati mumatunga pamjigo, mwina mupezamo nkhoko yoyera, yolimba ngati laimu wouma. Nkhokoyi imachokera ku michere ya calcium ndi magnesium imene madzi amatenga m'miyala ya pansi pa nthaka. Madzi otere amadziwika pochapa, chifukwa sopo sachita thovu msanga. Kumwa alibe vuto, koma akawira michereyo imatsalira n'kumata pachitsulo.

Kunyumba nkhoko imangochedwetsa tiyi. Kuchipatala ikhoza kutayitsa moyo. Sizasi yodulira mchombo wa khanda ndi zida zosokera mabala zimaphikidwa m'makina otchedwa autoclave, amene amatsekera nthunzi mpaka kutentha kufike madigiri 121 kwa mphindi 20 mpaka 30. Madzi owira mumphika sapitirira madigiri 100, ndipo tizilombo tina, monga toyambitsa kafumbata, timatha kupirira pamenepo.

Nkhoko ikakuta chitsulo chotenthetsa madzi m'makinawa, kutentha sikudutsa bwino ndipo chitsulocho chimapsa. Imatsekanso timapaipi ndi mavavu, mwakuti nthunzi siyenda monga iyenera. Kumene mijigo imatulutsa madzi amchere, monga madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, pali vuto lina: mcherewo umadya chitsulo n'kusiya timaenje ta dzimbiri momwe magazi ndi litsiro zimabisala.

Makina akafa timathamangira kunena kuti anali achabechabe, kapena kuti boma silikonza zinthu. Nthawi zina n'zoona. Koma nthawi zina tawapha tokha ndi ndowa ya madzi. Makinawa amafuna distilled water, madzi ochokera ku nthunzi amene alibe mchere. Kuthira WaterGuard kumapha tizilombo koma sikuchotsa michere, ndipo madzi ongowiritsa safanana ndi distilled water. Akasowa, madzi amvula otungidwa mwaukhondo ndi kusefedwa ndi abwinoko kusiyana ndi a pamjigo. Madzi otsala azikhuthulidwa tsiku lililonse, ndipo zida zimene zakhudzana ndi chlorine zizitsukuluzidwa bwino zisanalowe m'makina, chifukwa nayenso amadya chitsulo.

Ife tikuti madzi a makinawa alembedwe pa bajeti ya chipatala monga amalembera magolovesi ndi mafuta a ambulansi. Mtengo wake sungafanane ndi wogula makina ena, kapenanso wotumiza mayi amene matenda ake ayamba ku chipatala chachikulu cha boma chifukwa zida zoyera zatha.

Inu a komiti ya chipatala ndi odzipereka pa zaumoyo, pa msonkhano ukubwerawu funsani mafunso atatu: m'makina mukuthira madzi anji, amawatsuka ndani, ndipo anatsukidwa liti? Makolo nanunso muli ndi ufulu wofunsa, pakuti mchombo umene udulidwe mawa ndi wa mwana wanu.