Luso la Khat pa Kompyuta Lilankhule Chimalay

Ku Kuala Berang, m'chigawo cha Terengganu ku Malaysia, kunapezeka mwala wa malamulo a Chisilamu womwe akatswiri ambiri amati unasemedwa mu 1303. Chinenero cha pamwalapo ndi Chimalay, cholembedwa m'zilembo za Jawi. Izi ndi zilembo za Chiarabu zomwe Amalay anaziwonjezera zina zisanu ndi chimodzi kuti azitha kulemba maliwu omwe m'Chiarabu mulibe, monga nga, nya ndi pa. Lero achinyamata a dzikolo akujambula khat, luso lokometsera zilembo, pa kompyuta ndi pafoni. Ndikuti akuchita bwino, koma ntchitoyo idzatchedwa ya Amalay pokhapokha ikamalemba Chimalay cha Jawi, osamangokopera mawu a Chiarabu m'kalembedwe ka ku Istanbul ndi Cairo.

Aphunzitsi a khat amadandaula kuti makina akupha luso. Iwo anatha zaka akusema cholembera, kuyeza chilembo chilichonse ndi madontho, mpaka mphunzitsi kuwapatsa ijazah, chilolezo chosainira ntchito yawo. Pa kalembedwe ka thuluth akunena zoona, pakuti mzere wonenepa ndi kuwonda molingana ndi dzanja sutuluka mwa munthu amene sanagwirepo inki. Komatu kalembedwe ka kufi ka ngodya zinayi kanakulira pa njerwa za mizikiti ya ku Iran, ndipo timabokosi ta pa kompyuta timakayenera bwino lomwe. Ndiponso si kompyuta imene inafooketsa Jawi. Lamulo la chinenero la 1963 linaika zilembo za Chilatini patsogolo, owerenga anachepa, ndipo nyuzipepala ya Utusan Melayu, yomwe inayamba mu 1939, inaleka kutuluka m'Jawi mu 2006. Wachinyamata amene sagula nyuzipepala angakumane ndi Jawi pafoni. Vuto lenileni lili pa zipangizo. Chilembo cha ga chinalowa mu Unicode, mndandanda wa zilembo za pa kompyuta, mu 2005, ndipo mitundu yambiri ya zilembo za Chiarabu za pa kompyuta ilibe zowonjezera za Jawi. Wojambula akaona mawu ake akusweka, amathawira ku Chiarabu, Chimalay n'kutsala.

Ena amati Jawi ndi chipembedzo chobisala. Mu 2019, boma litafuna kuika khat m'buku la Chimalay la kalasi yachinayi, bungwe la sukulu za Chitchaina la Dong Zong linakana, ndipo masamba anachepetsedwa kuchoka pa 6 kufika pa 3. Mantha oterewa sitingawanyoze. Koma m'Jawi munalembedwa mapangano a mafumu, makalata a malonda ngakhalenso Baibulo, ndipo Jawi ali pa ndalama ya ringgit yomwe aliyense amagwira. Ojambula akamangosankha mavesi a Qur'an okha amalimbitsa mantha omwewo, pomwe miyambi, mayina a matauni ndi ndakatulo za pantun zikanawachepetsa.

Bungwe loyang'anira chinenero la Dewan Bahasa dan Pustaka lilipire akatswiri a khat ndi a kompyuta kuti apangire limodzi mitundu ya zilembo za Jawi yokwanira, ndipo iperekedwe kwaulere kwa aliyense.