Maphunziro a ufulu asamathere m'kalasi

Ine ndinakhala zaka ziwiri pa sukulu ya ukachenjede, fizi isanandigonjetse. Mayeso ndinalemba ambirimbiri, koma palibe anandiuzapo kuti munthu akamangidwa ayenera kukaonekera ku khothi pasanathe maola 48. Ndinazimva mochedwa, mphwanga atagona kale masiku 9 m'chitokosi. Chonsecho zinalembedwa poyera m'gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino.

Ku America, masukulu ngati Berkeley ndi Connecticut ali ndi chimene amachitcha minor ya ufulu wachibadwidwe. Wophunzira zachuma kapena sayansi amapitiriza digiri yake, koma pambali amatenga maphunziro angapo okhudza ufulu. Nzeruyi ndi yabwino, nafenso tikuifuna. Koma kodi mwana wathu achite chiyani kuti tinene kuti wakhoza?

Choyamba, adziwe mapangano. Awerenge mfundo 30 zimene United Nations inagwirizana mu 1948, pangano la maiko a mu Africa la 1981, ndi mutu wachinayi wa malamulo athu. Apa sindikuonapo mkangano.

Chachiwiri, adziwe za kwawo. Asalandire satifiketi munthu wosadziwa kuti a Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anamangidwa mu 1987 nakhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Afotokoze za a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, ndi za a Orton Chirwa amene anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, atuluke m'kalasi. Teremu yathunthu azikhala pa benchi ya khothi la majisitireti, azicheza ndi omangidwa oyembekezera milandu, aziwerenga masiku amene aliyense wakhala m'kati. Pomaliza akaimirire pa msika n'kulongosola gawo 42 m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Gogo wogulitsa tomato akapanda kumva, wophunzirayo walephera, ngakhale Chingerezi chake chikhale chothyakuka bwanji.

Ena ati zakale zisiyeni, tinavota kale pa 14 June 1993, matipate anabwera. Abale, mwaiwala msanga. Mu 2011, zaka 17 chiyambireni boma la matipate, mkulu wa apolisi anaitanitsa mphunzitsi wa zandale, a Blessings Chinsinga, chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo maphunziro pa Chancellor College anaima miyezi yambiri. Gawo 33 loteteza ufulu wa maphunziro linalipo kale nthawi imeneyo. Lamulo likangokhala m'buku, anthu osalidziwa, silitchinjiriza aliyense.

Tsono ndikupempha inu akuluakulu amene munabwerera kuchokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku London, komanso inu amene munatuluka m'ndende muli moyo. Ife obadwa matipate atabwera kale, zija timangozimva ngati nthano. Masukulu akutsegulireni zitseko, mudzakhale pamaso pa ophunzira, akufunseni mafunso ndi kulemba mayankho anu mukadali nafe. Zimenezinso zikhale m'gulu la zoyenera kuchita asanapatsidwe satifiketi. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.