Chitseko cha galaja choyendera magetsi chimafuna diso la mayi

Amayi anzanga, ana athu ndi abale athu ambiri a kuno ku Mulanje akugwira ntchito za m'nyumba ku Namiwawa, ku Nyambadwe, ngakhalenso ku Johannesburg. M'nyumba zina za kumeneko chitseko cha galaja chimatseguka chokha munthu akangodina rimoti. Bwana amadina n'kumapita, koma wotsala nacho tsiku lonse, pamodzi ndi ana, ndiye mayi wantchito. Tsono sabata ino tikambirane za kasamalidwe kake, kuti tikawalangize.

Choyamba tidziwe kuti chitsekochi n'cholemera zedi. Ku America chitapha ana angapo powapsinja, boma lidalamula kuti kuyambira mu 1993 makina onse atsopano otsegulira zitsekozi azibweza chitseko m'mwamba chikakumana ndi kanthu. Nafenso tiziyesa kamodzi pamwezi. Gonekani thabwa lokhuthala ngati zala ziwiri pakhomo, ndipo mutseke. Chikaligunda chiyenera kubwerera. Chikapanda kutero, uzani eni nyumba tsiku lomwelo, ndipo ana asayandikireko.

M'munsi mwa khomo, uku ndi uku, mumakhala timaso tiwiri toyang'anana. Fumbi kapena ulusi wa kangaude zikatiphimba, chitseko chimakana kutsekeka. Tipukuteni ndi kansalu kofewa kouma. Njanji zimene mawilo amayendamo muzisese bwino, koma musapakemo girizi, chifukwa amakola mchenga. Mafuta a makina, madontho ochepa okha, ndi a m'mahinjesi, kawiri pachaka. Ife a m'dera la chiperoni tikudziwa m'mene dzimbiri limadyera chitsulo. Mafuta ophikira ayi, amasanduka ulimbo.

Rimoti ikayamba kumva pokhapokha mwafika pafupi, sidafe. Batire ndilo latha. Tengani lakalelo popita kusitolo kuti akupatseni la nambala yomweyo. Rimotiyo isanyowe, ndiponso isakhale chidole cha mwana, pakuti ndiyo kiyi wa nyumba.

Nanga magetsi akazima? Tikukumbuka mdima umene tidaona namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Pa makina ambiri pamalendewera chingwe chofiira. Mukachikoka, chitseko chimanyamulika ndi manja. Koma chikokeni chitseko chili chotseka. Chili m'mwamba chingathe kugwa ndi mphamvu yake yonse.

Chomaliza, sipuling'i yaikulu ndi zingwe zachitsulo zonyamula chitseko musazikhudze konse. Zidakungidwa kolimba, ndipo zikafwamphuka zimathyola dzanja. Mukaona chingwe chikuyamba kunyotsoka, kapena mukamva kulira kwachilendo, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Choncho mwana wanu akamanyamuka ulendo wa kuntchito, muuzeni kuti asachite manyazi kupempha abwana ake amuonetse zonsezi tsiku loyamba. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.